Mzimu Wokhala M'malata

M'dziko lina la malamulo ambiri munali mudzi umene sitiutchula dzina, poopa kuti midzi ina ingadandaule kuti taisiya. Anthu a m'mudzimo anali ndi chikondi chachikulu, koma chinali chikondi chochedwa. Chinkadikira kuti munthu atseke kaye maso.

Mmodzi mwa amene analandira chikondi chimenechi anali a Lufeyo Chimtengo, mmisiri wokhoma zidebe ndi mbaula. A Lufeyo anadwala miyezi khumi ndi umodzi. Nthawi yonseyo amene ankawatembenuza pamphasa, kuwasambitsa ndi kuwamwetsa phala anali akazi awo, a Nagama, ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, Yotamu, mwamuna wa zaka makumi atatu amene ankapalasa njinga ya kabaza. Abale ena onse anali ndi zifukwa. Mkulu wawo wa a Lufeyo, a Sipiliyano, amene ankakhala kutsidya kwa dambo, anali ndi vuto la bondo. Mlongo wawo, a Delifa, anali ndi mtima wofewa kwambiri moti sankatha kuona munthu akuvutika, choncho popita kuchigayo ankazungulira njira ya kumanda.

Tsiku limene a Lufeyo anamwalira, bondo lija linapola. A Sipiliyano anafika pa ngolo ya ng'ombe yopanda kanthu, ati mwina pasiwa pafunika kututa nkhuni. A Delifa analira mpaka kukomoka kawiri, ndipo kawiri konseko anagwera pafupi ndi wailesi.

Kunena zoona, a Lufeyo sanasiye zambiri. Chuma chawo chenicheni chinali pamwamba pa nyumba. Nyumbayo inali ya zidina, koma inali ndi malata makumi awiri ndi asanu ndi limodzi. Ankagula awiri chaka chilichonse, n'kumawasunga kuseri kwa chitseko, mpaka atakwanira. Kwa zaka khumi ndi zitatu banjalo linkagona pansi pa udzu wodontha, malata ali chiimire m'nyumba momwemo ngati alendo amanyazi. A Lufeyo anakhoma okha dengalo, akutsokomola kale. Anagonamo dzinja limodzi lokha, n'kudwala.

A Nagama anali a chitengwa. Anachoka kwawo ali mtsikana kudzakhala kwa amuna awo, ndipo patapita zaka makumi atatu ndi zinayi kwawoko kunalibenso munda kapena khomo lowadziwa. Denga limeneli ndilo linali kwawo.

Atameta maliro, a Sipiliyano anaitanitsa msonkhano. Pofika tsikulo anali atadzipatsa udindo wa Mlonda Wamkulu wa Misozi ya Banja, ndipo a Delifa anali Msungi wa Zinthu Zimene Zingasowe. A Mlonda Wamkulu anakumbutsa anthu mwambo wa makolo, wakuti munthu akamwalira nyumba yake inkagwetsedwa kuti mzimu wake upeze potulukira. Anati iwo ndi anthu a chifundo, sangagwetse nyumba ya mlamu wawo. Angochotsa denga lokha. Akuluakulu a m'mudzimo anali atafufuza kale nkhani ya mizimu, n'kupeza kuti mzimu sukhala m'zidina, m'mphasa yong'ambika kapena m'mankhwala otsala a wodwala. Umakhala m'malata, m'wailesi ndi m'mbuzi za bere.

Yotamu anafunsa kuti malatawo akasungidwa kuti. Anamuyankha kuti kutsidya kwa dambo, chifukwa kumeneko mphepo imadutsa bwino. Anafunsanso kuti mzimu umatenga masiku angati kuti utuluke. Anamuyankha kuti mafunso otere ndi amene amachititsa kuti uchedwe.

A Nagama, mutu uli mpala, anapempha chinthu chimodzi.

"Alamu, mundisiyireko a kuchipinda okha."

"Kuchipindako ndiye kumene amakonda, alamu," anatero a Sipiliyano mwaulemu wonse.

Unali mwezi wa Ogasiti. Pofika madzulo dengalo linali pa ngolo, ndipo m'nyumba munali fumbi ndi masamba a mango. Udzu wofolera unali utapsa kale ndi moto wa osaka mbewa. Aliyense m'mudzimo ankadziwa kuti kwatsala miyezi itatu mvula igwe, ndipo aliyense anapepesa kwambiri.

Yotamu sukulu analekezera panjira, koma anali atamva kuti ku boma kuli ofesi yoona za chuma cha masiye. Anapalasa njinga yake maola awiri, n'kukapeza chitseko cholembedwa zilembo zagolide. Mkatimo munali a Kamtedza, Wachiwiri kwa Wothandiza Mlembi Wamkulu wa Zosiyidwa, akusenda chinangwa chowotcha pamwamba pa mafayilo a anthu akufa.

A Kamtedza anamvetsera nkhani yonse mwachifatse, kenaka anafotokoza kuti ofesiyo siyikhulupirira imfa ya pakamwa. Pafunika kalata yotsimikiza kuti bamboyo anamwaliradi. Yotamu ataibweretsa, panafunika chiphaso chotsimikiza kuti asanamwalire anali moyo. Atabweretsa chiphasocho, panafunika zithunzi ziwiri za a Nagama makutu onse akuoneka. Zithunzi zoyamba anazikana chifukwa mayiyo anali atavala duku. Zachiwiri anazikana chifukwa mutu unali wometa, sunkafanana ndi wa pa chiphaso chawo. Anadikira tsitsi limere.

Fayilo inatsegulidwa kumapeto kwa Okutobala, mitambo itayamba kusonkhana masana. A Kamtedza anatulutsa pepala, analemba, anapuma, n'kulimenya chidindo chofiira. Pepalalo linkanena kuti Lachinayi likudzalo kubwera Woyendera Wamkulu wa Katundu wa Anthu Amene Sangathenso Kudandaula, kudzaona chuma cha malemu monga chinalili tsiku la imfa. Linkanenanso kuti aliyense amene wachotsapo kanthu, ngakhale supuni, adzakwera galimoto ya polisi.

Yotamu anakapereka pepalalo kutsidya kwa dambo. A Sipiliyano analiwerenga, analitembenuza, anakanda chidindo chija ndi chala kuti aone ngati chingafufutike. Kenaka analengeza kuti usiku wapitawo analota mng'ono wawo akutsanzika, kusonyeza kuti mzimu watuluka wonse. Lachitatu m'mawa ngolo inawoloka dambo. Anyamata a kubanja anakwera pamwamba, ndipo pofika masana dengalo linali pamalo pake. A Delifa anabweza wailesi, itakulungidwa m'chitenje ngati khanda, ndipo anafunsa mlamu wawo ngati akugona bwino masiku ano.

Lachinayi banja lonse linasamba, n'kukhala pakhonde kuyambira m'mawa. Woyendera sanabwere. Njinga yamoto ya ofesi inalibe mafuta.

Lachisanu a Sipiliyano analotanso. Mzimu unali utabwerera kudzatenga zimene unaiwala. Malata anatsika. Lolemba Yotamu anapalasa kupita ku boma kukadandaula, ndipo a Kamtedza, osadzutsa n'komwe mutu, anamulembera pepala lina la Lachinayi lotsatira, chidindo chomwe chija. Lachitatu malata anakwera. Lachinayi Woyendera anali ku msonkhano wa masiku anayi wokambirana za kufulumizitsa ntchito. Lachisanu malata anatsika.

Zinachitika chonchi katatu. Ulendo wachitatu mnyamata wina anaterereka pa makwerero n'kuthyoka dzanja, ng'ombe zinayamba kukana goli zikangoona dambo, ndipo a Sipiliyano anaona kuti mabowo a misomali akuchuluka pa malata amene mumtima mwawo anali kale awo. Anagamula kuti dengalo likhale kaye pomwepo mpaka Woyendera adutse. Sikuti kunali kuopa boma, anatero. Kunali kulemekeza malemu.

Mvula yoyamba inagwa sabata yomweyo. Yotamu anamata mabowo aja ndi phula, ndipo a Nagama anakhala pakati pa nyumba, manja ali pamiyendo, akumvetsera phokoso la pamwamba. Anauza mwana wawo kuti bambo ake ankakonda phokoso limeneli, ankati ndi wailesi ya munthu wosauka. Sanalire. Anadzuka n'kukatenga mbewu ya chimanga.

Apa m'pamene Yotamu anazindikira chinthu chimene ophunzira ambiri sanachizindikire. Amayi ake sankatetezedwa ndi lamulo. Ankatetezedwa ndi kuchedwa kwa lamulo. Malinga Woyendera akubwera Lachinayi, denga linalipo. Choncho Lolemba lililonse ankapalasa kupita ku boma, n'kufunsa ndi nkhope yodandaula ngati bwana abwere sabata ino. A Kamtedza ankapepesa, ankalemba tsiku lina, ankamenya chidindo. Yotamu ankatsika chitunda cha ku boma akuimba mluzu.

Ofesiyo sinamukhumudwitse ngakhale kamodzi. Mafuta atapezeka, tayala linaphulika. Tayala litapezeka, kiyi wa njinga anapita ku maliro m'thumba la mlonda. Kiyi atabwera, Woyendera anapita kukaphunzira mmene angayendere. Novembala anatha. Disembala anatha. Chimanga cha a Nagama chinafika m'chiuno. Lachinayi lililonse a Sipiliyano ankavala jekete, ankawoloka dambo lodzaza madzi nsapato zili m'manja, ankakhala pakhonde la mlamu wawo mpaka dzuwa kupendeka, akuyang'ana m'mwamba n'kumawerenga malata ndi milomo. A Nagama ankawapatsa mpando ndi madzi akumwa.

"Alamu, bondo lija likupeza bwanji ndi madzi a m'dambowa?"

"Tikupirira, alamu. Za m'banja n'zofunika kudzipereka."

A Mlonda Wamkulu anayamba kudandaula poyera kuti dziko lino silidzatukuka chifukwa cha ulesi wa m'maofesi. Anati n'zomvetsa chisoni kuti mkazi wamasiye azidikira chilungamo miyezi yonseyi. Anthu ankavomera ndi mitu.

Zikanapitirira chonchi, a Nagama akanakolola ali pouma. Koma Yotamu anali ndi chilema chimodzi chimene anatengera kwa bambo ake. Munthu akamuchitira zabwino, ankafuna kuthokoza.

Lolemba lomaliza la Januwale anamangirira tambala pa kaliyala, n'kukamutula pansi pa tebulo la a Kamtedza. Anagwada pang'ono, chipewa chili m'manja, ndipo analankhula zochokera pansi pa mtima. Anati ofesiyi yawachitira amayi ake zimene mbale aliyense sanawachitire. Anafotokoza zonse, za Lachitatu ndi za Lachisanu, za ngolo ndi za maloto. Pomaliza anapempha kuti ngati n'kotheka a bwana Woyendera apitirize momwemu, asafike kumudzi mpaka mvula itatha ndi udzu utakhwima, kuti zikavuta adzathe kufolera.

"Kuchedwa kwanuku ndi kumene kwatisunga, bwana. Musasinthe."

Sanadziwe kuti munthu wonenepa amene ankawerenga nyuzi kuseri kwa kabati anali a Chipofya, Woyendera Wamkulu mwini wake, amene tsikulo anabwera ku ntchito mwangozi. Nyuzi ija inatsika pang'onopang'ono.

"Wati ndani amachedwa?"

Yotamu anayesa kufotokoza kuti sikudandaula, n'kuyamikira. Izi zinangoipitsa zinthu. A Chipofya anati pa zaka makumi awiri za utumiki wawo anatukwanidwapo ndi amasiye, anatembereredwapo ndi ana a masiye, wina anawalavulirapo malovu, ndipo zonsezo anazilandira monga mbali ya ntchito. Koma kuti munthu wa kabaza abwere ndi nkhuku kudzawathokoza chifukwa chosagwira ntchito, chimenecho chinali chipongwe chimene ofesi sinachionepo. Anati lero lomwe dziko lidziwa kuti ofesi imeneyi ndi yotani.

Mafuta anapezeka m'chigubu chimene chinali pansi pa tebulo lawo. Kiyi anali m'thumba lawo la malaya. Tayala linali lopopa. Analamula Yotamu kuti asiye njinga yake pomwepo akwere kumbuyo, ndipo ulendo wa maola awiri anauyenda osakwana ola, matope akuthovukira anthu m'mbali mwa msewu. Njira yonse Yotamu ankapempha kukhosi kwawo kuti abwerere, koma a Chipofya anali atavala chisoti.

M'mudzimo simunafikepo munthu wa boma pa tsiku limene sanalonjeze, moti ena anathawira m'chimanga. A Sipiliyano anawoloka dambo akuthamanga, jekete lili paphewa. A Chipofya anatsegula fayilo, anazungulira nyumba kamodzi, anawerenga malata ndi cholembera. Anakwana. Wailesi inalipo. Anafunsa a Mlonda Wamkulu wa Misozi ya Banja ngati pali mkangano uliwonse pa chuma cha malemu. A Mlonda Wamkulu anayika dzanja pachifuwa, n'kunena kuti banja lawo silidziwa n'komwe kalembedwe ka liwu lakuti mkangano. A Delifa analira pang'ono pofuna kutsimikiza.

Kenaka Woyendera anatembenukira kwa a Nagama.

"Mayi, denga lanu lilipo?"

"Lilipo, bwana. Koma mwezi wa Ogasiti anadza..."

"Ndafunsa za lero, mayi."

"Lero lilipo."

Yotamu analowerera. Anati bwana akangochoka, anthu awa akwera pamwamba. A Chipofya anamuyang'ana ngati mmene munthu amayang'anira ntchentche ya m'kapu, n'kumuuza kuti ofesi yawo imayendera zimene zilipo, siyendera za mawa. Analemba kuti chuma chonse chili m'manja mwa eni ake, banja ndi logwirizana, dandaulo linali lopanda maziko. Anasainitsa onse. A Nagama anadinda chala.

Anabwerera ku boma ndi Yotamu tsiku lomwelo, ndipo zimene zimatenga zaka zitatu zinatheka dzuwa lisanalowe. Kalata inalembedwa pa makina. Mlembi Wamkulu, amene anthu ankamuyesa nthano chabe, anapezeka ndipo anasaina. Zidindo zinamenyedwa zitatu. Pofuna kuti wa kabazayo asadzaiwale, a Chipofya analamula kuti kalatayo aikutire m'pulasitiki wolimba, mwaulere. Kalatayo inkanena momveka bwino kuti nyumba ya malemu Lufeyo Chimtengo, pamodzi ndi malata ake onse, ndi ya a Nagama, ndipo palibe munthu pansi pano amene angawalande.

Yotamu anafunsa kuti nanga wina akawalanda adzatani. A Kamtedza, amene anali atamangirira kale tambala uja pa njinga yawo, anafotokoza mokoma mtima kuti fayilo yatsekedwa, ndipo fayilo ya womwalira siyitsegulidwa kawiri chifukwa munthu amafa kamodzi. Zochitika kuyambira mawa sizidzakhalanso za chuma cha masiye. Zidzakhala za m'banja, ndipo za m'banja zimayambira kwa mkulu wa banja, amene ayenera kulemba kalata yonena kuti walephera kuzithetsa.

"Mkulu wa banja ndi omwewo, bwana."

"Ndiye zakuphwekera. Sukafunika kuyenda mtunda wautali."

Lachiwiri m'mawa a Sipiliyano anadzuka ndi loto lalitali kuposa onse. Nthawi ino ngolo sinabwere yokha. Inabwera ndi munthu wa pa msika amene anali ndi tepi yoyezera, chifukwa mzimu unali utaonetsa kuti sukufunanso kukhala kutsidya kwa dambo, ukufuna kupita kutali kumene sungadzabwerere. Yotamu anaima pa makwerero ndi kalata ija m'manja, akuiwerenga mokweza, liwu limodzilimodzi monga amawerengera anthu amene sukulu sanaimalize. Anyamata a kubanja anamudikira mwaulemu mpaka atafika pa chidindo chomaliza. Kenaka anayi anamugwira, n'kumukhazika pansi pa mtengo wa mango, ndipo ena anakwera. Anthu a m'mudzimo anaima patali, manja kumbuyo. Ambiri anagwirizana kuti kalatayo inalembedwa bwino kwambiri.

A Nagama anatulutsa mpando, n'kukhala pabwalo. Anangolankhula kamodzi, anyamata atafika pa lata la pakona ya kuchipinda.

"Limenelo muzule bwino, ana inu. Anakhoma akupumira kawiri pa msomali uliwonse."

Analizula bwino.

Mvula ya pakati pa dzinja inayamba ngolo isanafike n'kudambo komwe. Inagwa masiku atatu. Zidina zinayamba kusungunuka kuchokera pamwamba, matope akutsika m'makoma. Yotamu anamanga matumba a feteleza pakona imodzi, ndipo pansi pake panakhala amayi ake, atafunda bulangete lolemera ndi madzi, akutsokomola. Ufa unanyowa. Machesi ananyowa. Jekete la a Lufeyo, limene palibe mbale analifuna chifukwa linali long'ambika m'khwapa, linanyowa.

Tsiku lachitatu a Nagama anapempha mwana wawo kuti awawerengerenso kalata ija. Anawerenga mpaka pamene pakuti palibe munthu pansi pano amene angawalande.

"Uyiike pabwino, mwanangu. Inganyowe."

"Siyinganyowe, amayi. Anaikutira."

Ndipo zinali zoona. M'nyumba yonse ya a Nagama, chinthu chokhacho chimene boma linachiteteza ku mvula chinali kalata yake.